Kukana Kuli Pawiri

Ofesi yomva madandaulo a antchito inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo aliyense wokwera masitepe ake ankafika m'mwamba atakhuta kale fungo la mphira. Chipinda chozengera milandu chinali kumapeto kwa khonde. Munali tebulo lalitali la wapampando, matebulo awiri ang'onoang'ono oyang'anizana, mabenchi anayi, ndi fani yakudenga yomwe inkalira ngati mwanapiye wosowa make. Pakati pa tebulo la wapampando ndi mpando wa mboni panali kampando kopanda chotsamira. Kameneko kanali ka womasulira, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pankakhala mayi mmodzi yemweyo.

Anzake pantchito ankamutcha Malilime. Dzinali linachokera kwa mlonda wa pakhomo, yemwe tsiku lina atasuzumira pawindo anakauza anzake kuti m'chipindamo muli mayi wolankhula malilime chikhalire, osagwa pansi. Mwiniwake sanadane nalo. Ankati kuli bwino anthu akutchule ndi ntchito yako kusiyana n'kuti akutchule ndi mphuno yako.

Milandu inkazengedwa m'Chingerezi, chifukwa mumzindamo munali anthu a zinenero zosiyanasiyana. Wapampando, bambo wa imvi wovala magalasi a chingwe, anakulira kutali, ndipo m'chilankhulo chathu ankangodziwa moni ndi zikomo basi. Choncho mawu onse a wodandaula ankadutsa pakamwa pa Malilime. Ntchito yake ankaidziwa, ndipo sankabisa kuti amaidziwa. Sankathamanga, sankakometsa, sankachotsera. Mboni ikatukwana, nayenso ankatukwana m'Chingerezi ndi nkhope yake yomweyo, manja ali pamwendo.

Lachiwiri lina kunabwera mlandu wa makaniko wa pakampani ya mabasi. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, atavala jekete lomuthina m'khwapa. Panali patatha miyezi itatu chimuchotsereni ntchito, koma m'zikhadabo mwake munali mudakali mwakuda. Mkazi wake anakhala pa benchi yoyamba, atakumbatira kachikwama.

Nkhani yake inali yotere. M'mawa wina basi inatuluka m'galaja ya kampaniyo, ndipo potsetsereka pamtunda wolowera kumsika mabuleki sanagwire. Dalaivala anaikhotetsera pakhoma la sitolo ya simenti kuti isakalowe m'gulu la anthu. Iye anathyoka mwendo, okwera anangochita mikwingwirima. Pakampanipo makaniko aliyense anali ndi chidindo cha nambala yake, ndipo basi sinkatuluka popanda pepala lodindidwa losonyeza kuti ili bwino. Pepala la basi imeneyi linapezeka ndi chidindo cha bambo wamfupiyu. Tsiku lomwelo masana anamuitanira kwa manijala, ndipo pofika madzulo ntchito inali itatha.

Atakhala pampando wa mboni, makanikoyo anafotokoza mosajejema.

“Kapitawo anabwera ndi pepala, akuti dinda, anthu akudikira kudepoti. Ndinawauza kuti basi iyi mabuleki ake atha, isatuluke. Anati iwe dinda, za mabuleki tiziona ikabwerako. Ine ndinakana. Ndinatseka chidindo m'dirowa, n'kulowa pansi pa basi ina. Pamene ndinkatuluka, basi ija yapita.”

Malilime anamasulira chiganizo ndi chiganizo. Atafika pa “ndinakana” anati, “I refused,” ndipo wapampando analemba.

Kenaka anaimirira loya wa kampani, bambo wamtali wa tayi yofiira, wolankhula mofatsa ngati akunyengerera mwana kuti amwe mankhwala. Anatulutsa mapepala atatu omangidwa pamodzi. Anati awa ndi mawu amene kalaliki wa kampani analemba tsiku la ngoziyo, pamene makaniko ankafunsidwa kwa manijala. Manijalayo ankamva Chingerezi chokha, choncho kalaliki ndiye ankamasulira n'kumalemba.

“Ndikuwerengerani mzere umodzi,” anatero loyayo m'Chingerezi, “ndipo mayi womasulira akuuzani m'chilankhulo chanu. Palembedwa kuti: He was told about stamping the paper. He denied.”

Malilime anatembenukira kwa makaniko. “Anauzidwa za kudinda pepalalo. Anakana.”

“Eya,” anatero makaniko, akugwedeza mutu. “Ndi zomwe ndikunenazo.”

“Ndiye zinalembedwa molondola?” anafunsa loya.

“Molondola kwambiri, bwana.”

Loya anaika mapepala patebulo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kwa wapampando. Anati wodandaula wavomera ndi pakamwa pake kuti zolembedwazo n'zoona. Tsiku la ngozi, atauzidwa kuti anadinda pepala, anangokana mlandu, ngati mmene amachitira aliyense wogwidwa. M'mapepala onse atatu mawu akuti refuse mulibe. Nkhani yakuti analamulidwa kudinda iye n'kukana, ndi nkhani imene yaphikidwa kunyumba m'miyezi itatu yapitayi.

Malilime anayamba kumasulirira makaniko mawu a loyayo, koma atafika pakati anaima. Anaona bwinobwino chimene chachitika. Mawu aja analowa m'khutu mwake ali deny, anatuluka pakamwa pake ali kukana, ndipo anakafika m'khutu mwa makaniko ali refuse. Munthu wavomera chinthu chimene sanafunsidwe, ndipo msampha umene wamukolawo wadutsa pa lilime lake iyeyo. Anaimirira.

“Bwana wapampando, womasulira akupempha kulankhulapo.”

Wapampando anavula magalasi. Pa zaka zonse zimene anagwira naye ntchito, mayiyu anali ataimirira chonchi kawiri kokha.

“Lankhulani, mayi.”

“Mawu amene ndamasulira posachedwapa, wodandaula sanawamve mmene a loya anawawerengera. Vuto silili mwa iye, lili m'zinenero ziwirizi. Ife tili ndi mawu amodzi, kukana. Chingerezi chinawagawa pawiri. Munthu akakuuza kuti chita ichi, iwe n'kunena kuti sindichita, kumeneko ndi refuse. Munthu akakuuza kuti unachita ichi, iwe n'kunena kuti si zoona, kumeneko ndi deny. Ndikauza bambo awa kuti anakana, iwo sangadziwe kuti a loya akunena kukana kuti mwa kuwiriku. Ndiye pamene avomera, avomera kwawoko.”

Loya anamwetulira. Anati amalemekeza kwambiri mayi womasulira, koma sankadziwa kuti lero abwera ngati mboni. Komanso, anapitiriza, aliyense wodziwa Chingerezi amadziwa kuti deny nayenso amatha kutanthauza kusalola. Kodi sitinena kuti he was denied entry, kapena kuti they denied his request?

“Timatero,” anayankha Malilime. “Koma kumeneko m'chilankhulo chathu n'kumana kapena kukaniza. Umakaniza munthu kulowa, umamana munthu chimene wapempha. Pamafunika munthu womanidwa ndi chinthu chomanidwacho. Pamzere umene mwawerengawu palibe chomanidwa. Ndipo munthu akakana kuchita ntchito, Chingerezi sichinena kuti he denied to stamp. Chimati he refused to stamp. Deny akabwera, amati he denied stamping, kutanthauza kuti akuti sanadinde. Mzere uwu wangoti he denied, n'kuthera pomwepo. Sukutiuza kuti anakana chiyani. Ine sindikudziwa zimene zinanenedwa kwa manijala, sindinaliko. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero, muno, funso silinafike kwa mwiniwake lili lathunthu, ndipo ndikupempha kuti ndilifunsenso.”

Wapampando analola. Malilime anakhala pansi, n'kuyang'ana makaniko.

“Bambo, tsiku lija kwa manijala, pamene munati ndinakana, munkatanthauza chiyani? Munkatanthauza kuti akunamizirani kuti munadinda, kapena munkatanthauza kuti munauzidwa kudinda inu n'kunena kuti simudinda?”

Makaniko anamuyang'ana ngati wafunsidwa ngati madzi ndi onyowa.

“Ndinawafotokozera mmene ndafotokozera muno, mayi. Kuti kapitawo anati dinda, ine ndinakana. A kalaliki ankalemba, ndinkawaona.”

Wapampando atamva zimenezi anatseka faelo yake. Anati mlandu uima kaye mpaka mawa m'mawa, ndipo kalaliki amene analemba mapepalawo adzabwere.

Pakhonde, mkazi wa makaniko anamuthamangira Malilime n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

“Amayi, Mulungu akudalitseni. Mwatiombola.”

“Musandithokoze, mayi,” anatero Malilime, akuchotsa dzanja lake mwaulemu. “Sindili mbali yanu, sindili mbali yawo. Ndakonza mawu anga okha. Mawa mawu omwewo akhoza kukutembenukirani, ndipo ndidzawanena chimodzimodzi.”

Akutsika masitepe anamupitirira loya uja, ataima pakona akulankhula pafoni. Ankalankhula chilankhulo chathu, chosalala bwino, cha munthu woyamwira. Ankauza wina kuti asaiwale kukatenga ana kusukulu. Maso awo anakumana. Loya anatembenukira kukhoma, ndipo Malilime anapitiriza kutsika.

Asanatuluke pakhomo, mkulu wa ofesi anamuitanira m'chipinda chake. Anali mayi wosakonda phokoso, ndipo nkhani inali itamupeza kale.

“Mayi, inu mukudziwa kuti womasulira ndi paipi. Madzi amalowa uku, n'kutuluka uku. Loya uja akakalemba kalata yodandaula, ine ndikayankha chiyani?”

“Mukayankhe kuti paipi inaona kuti ikudontha, n'kunena,” anatero Malilime. “Ndikanakhala chete, bodza likanalembedwa m'buku la wapampando, ndipo likanakhala langa, osati la loya. Akalemba kalatayo mundipatse, ndikuthandizani kuyankha. Ndiikonzanso Chingerezi chake ngati pangafunike.”

Mkulu wa ofesi anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera. Anangomuuza kuti azipita.

Mwamuna wa Malilime anali wometa, ndipo kashopu kake kanali panjira yopita kunyumba. Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika. Anamupeza akumeta bambo wina wadazi lapakati, yemwe ankalimbikira kuti amusiyire tsitsi lam'mbali kuti azilipesera pamwamba. Malilime anakhala pa benchi, anavula nsapato, n'kufotokoza za mawu awiri aja, osatchula za mlandu.

Wometa anamvetsera makina ali m'manja. Iye sukulu anailekera panjira, koma nkhani za mkazi wake ankazikonda, ndipo ankazigulitsanso kwa makasitomala ngati zake.

“Tsono mayi, tandiuzani,” anatero. “Paja munandikana katatu ndisanakukwatireni. Kumene kuja kunali chiyani?”

“Refuse.”

“Katatu konse?”

“Katatu konse. Kachinayi ndinatopa.”

“Nanga deny ndiye uti?”

“Deny ndi uja munachita inu Lamlungu, nditakufunsani amene waswa kapu yanga yamaluwa.”

Bambo wadazi anaseka mpaka makina anamulowa pang'ono m'tsitsi lake losungidwa lija. Wometa anati iye za kapu sakuzidziwa, ndipo akana mpaka kumanda.

“Mukumva?” anatero Malilime kwa kasitomalayo. “Ameneyo ndiye deny weniweni. Wakwamtuwagalu.”

M'mawa mwake kalaliki anafika nthawi isanakwane. Anali bambo wochepa thupi, wa zaka ngati makumi asanu, malaya ositidwa mpaka kuthwa, zolembera zitatu m'thumba la pachifuwa. Atafunsidwa ngati akufuna womasulira, anayankha monyadira kuti wagwira ntchito ya ukalaliki zaka khumi ndi chimodzi, ndipo alankhula yekha Chingerezi. Chinalidi Chingerezi chabwino, choyenda, cha munthu wowerenga nyuzipepala.

Wapampando anamufunsa ngati akukumbukira zimene makaniko ananena tsiku lija. Kalaliki anati sangakumbukire mawu onse, papita nthawi, koma chimene analemba ndicho chimene anamva. Iye salemba zam'mutu mwake.

Loya anaoneka kuti wakhutira. Koma wapampando anatsamira kumbuyo, n'kufunsa ngati akungocheza.

“Tandiuzani, bambo. Nditakupatsani tiyi pano, inu simukumufuna, mungatani?”

“I can deny, sir, politely,” anayankha kalaliki.

Pa benchi yakumbuyo wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Wapampando sanaseke.

“Nanga bwana wanu atakuuzani kuti mubwere kuntchito tsiku lopuma, inu muli ndi ulendo?”

“I deny to come, sir.”

“Mawu akuti refuse mumawagwiritsa ntchito?”

Kalaliki anaganiza kaye. Anati amawadziwa, koma amawaona ngati amwano pang'ono, osayenera m'mapepala a ofesi. Aphunzitsi ake akale anamuuza kuti kukana ndi deny, ndipo iye wakhala akulemba deny nthawi zonse. Polankhula izi anayang'ana uku ndi uku, ndipo anayamba kuzindikira kuti m'chipindamo muli chinthu chimene aliyense akuchiona kupatula iye.

Wapampando anapempha Malilime kuti amufunse m'chilankhulo chathu, kuti pasakhalenso kuzungulira. Malilime anamufunsa mofatsa, mosamuchititsa manyazi.

“Akulu, taiwalani kaye pepalalo. Bambo awa atakhala pamaso pa manijala, anatchulapo kapitawo?”

Kalaliki anatseka maso. “Anatchula. Anati kapitawo anabwera ndi pepala.”

“Ndiye pamene munalemba kuti he was told about stamping, amene ankawauza za kudindayo anali ndani? Manijala masana, kapena kapitawo m'mawa?”

“Kapitawo. M'mawa.” Anatsegula maso. “Anati kapitawo anawauza kuti adinde, iwo anakana. Ndiye ndinalemba kuti he denied.”

Malilime anamasulira zonse, mawu ndi mawu. Mkazi wa makaniko anaika nkhope m'manja.

Koma loya wa tayi yofiira sanali munthu wogwa ndi chibakera chimodzi. Anaimirira, anatsegula tsamba lachitatu, n'kunena kuti popeza lero tonse taphunzira Chingerezi, tiyeni tiwerenge mzere wina. Palembedwa kuti: He was asked if he opened the brakes on Monday. He denied. Anatembenukira kwa Malilime ndi ulemu wonse.

“Mayi womasulira atithandize. Ameneyu ndi refuse kapena deny?”

Malilime anadziwa kuti funsolo lili ndi mbedza, koma yankho lake linali limodzi.

“Ameneyo ndi deny. Wafunsidwa ngati anachita chinthu, wayankha kuti sanachite. Apa a kalaliki analemba bwino.”

Malilime anamufunsanso makaniko m'chilankhulo chathu, momveka, kuti kodi anauza manijala kuti Lolemba, kutatsala tsiku limodzi kuti ngozi ichitike, sanatsegule mabuleki a basiyo. Makaniko anavomera kuti anatero. Apo loya anatulutsa kakhadi ka m'sitolo ya zipangizo ya pakampanipo, kosonyeza kuti Lolemba lomwelo makanikoyu anatenga jeke ndi sipanala yaikulu yomasulira matayala a basi imeneyo.

Makaniko anayang'ana zikhadabo zake nthawi yaitali.

“Ndinatsegula,” anatero potsiriza. “Lolemba ndinatsegula, ndi mmene ndinaonera kuti atha. Ndinapempha atsopano, anati kulibe, abwera sabata yamawa. Ndinabwezeretsa akale omwewo, n'kuuza kapitawo kuti basi iyi ikhale. Tsiku la ngozi, atandifunsa, ndinachita mantha. Dalaivala ali kuchipatala, aliyense akundiyang'ana ine. Ndinaona kuti ndikangoti ndinagwirako, basi, andisenzetsa zonse. Ndiye ndinanama. Apo pokha ndinanama, bwana.”

Malilime anamasulira ndi liwu lomwe lija, osalikweza, osalitsitsa. Atafika pa “ndinanama” anati, “I lied,” ndipo sanafunefune mawu ofewerapo.

Pa nthawi yopuma, mkazi wa makaniko anamupeza pampopi wa pakhonde akutunga madzi m'kabotolo kake. Ulendo uno sanamugwire dzanja.

“Amayi, mukanangonena kuti nayenso ndi refuse uja, chikanavuta n'chiyani? Inu ndi amene mumadziwa, akanakutsutsani ndani?”

“Akanandikhulupirira, n'zoona,” anatero Malilime. “Ndipo akanandikhulupirira chifukwa sindinawanamizepo. Dzulo wapampando anaimitsa mlandu chifukwa cha mawu anga okha. Ndikanapotoza lero, loya uja akanandigwira pomwepo, chilankhulo chathu amachimva kuposa inu ndi ine. Kenaka za dzulo zija nazonso zikanagwa. Amuna anu anena okha zoona, ndipo azinena bwino. Pitani mukakhale nawo, ali okha pabenchi apo.”

Mayiyo anatembenuka n'kupita.

Chigamulo chinatuluka patatha sabata ziwiri. Wapampando anapeza kuti makaniko ananena za kukana kudinda kuyambira tsiku loyamba, ndipo kuti kampani inamuchotsa osafufuza kuti chidindo chinatuluka bwanji m'dirowa yosakhoma. Kakhadi ka m'sitolo kaja, kamene loya anabweretsa kuti kamize makaniko, kanathandizanso mbali ina: kuseri kwake kunalembedwa pempho la zipangizo zatsopano za mabuleki, ndi dzanja la makaniko, ndipo pambali pake wina anali atalemba kuti kulibe. Wapampando analamula kuti abwezeredwe pantchito. Koma sanamusiye choncho. Anamudzudzula pamaso pa onse chifukwa cha bodza lija, ndipo analola kampani kumulembera kalata yochenjeza. Za kapitawo anati zipite kwa oyang'anira za chitetezo cha pamsewu, chifukwa si za ofesi ino.

Malilime anamasulira chigamulo chonse ataimirira pafupi ndi makaniko, chokoma ndi chowawa chomwe. Pomaliza bamboyo anangoti, “Ndamva, mayi,” n'kuvula jekete lomuthina lija, kulipachika paphewa. Anabwereradi kugalaja, ndipo anthu amati kuyambira pamenepo chidindo chake ankayenda nacho m'thumba, atachimangirira ku lamba ndi waya. Kalata yodandaula ya loya sinabwere.

Amene anabwera, patatha masiku angapo, anali kalaliki. Malilime anamupeza masana ataima pakhomo pa kachipinda ka omasulira, atanyamula kope latsopano. Anapempha mphindi zisanu. Anakhala pampando, anatulutsa cholembera chimodzi mwa zitatu zija, n'kupempha kuti amuuzenso pang'onopang'ono kusiyana kwa mawu awiriwo.

Malilime anamuuza. Anamupatsa zitsanzo za kuntchito kwake komweko: dalaivala wokana kuyendetsa basi yopanda magetsi, ameneyo refused to drive, kondakitala wokana kuti sanatukwane wokwera, ameneyo denied insulting. Anamuonetsanso kuti chilankhulo chathu chimasiyanitsa ndithu, kungoti chimasiyanitsira kutsogolo: kukana kuchita, ndi kukana kuti sunachite. Anamulangiza kuti munthu akangoti ndinakana n'kusiyira pomwepo, asathamangire kulemba. Ayambe wafunsa kuti munakana chiyani.

Kalaliki analemba zonse ndi zilembo zake zokongola, zopendekera kumanja. Atamaliza sanadzuke. Anakhala akutembenuza cholembera m'zala.

“Mayi, zaka khumi ndi chimodzi,” anatero. “Milandu yonse ya pakampani paja ndalemba ndine. Madalaivala, makondakitala, otsuka mabasi. Aliyense amene anati ndinakana, ine deny. Manijala amawerenga zimene ndalemba, n'kugamula.” Anaika cholembera patebulo. “Ndiye kuti alipo angati?”

Malilime sanamunyengerere, komanso sanamuwonjezere katundu.

“Sindikudziwa, akulu. Mwina ambiri mwa iwo anali deny weniweni, anthu amakana milandu tsiku ndi tsiku. Mwina ena ayi. Mafaelo alipo?”

“Alipo onse. Sinditaya pepala ine.”

“Ndiye kawerengeni. Paliponse pamene mupeze denied, muone chimene chili patsogolo pake. Ngati munthu ankafunsidwa za chimene chinachitika, musiye, zili bwino. Ngati ankauzidwa kuti achite chinthu, muike chizindikiro. Amene akukayikitsani mubwere nawo, tidzaonera limodzi. Lachisanu masana sindikhala ndi milandu.”

Bamboyo anabwera Lachisanu katatu motsatizana, atanyamula mafaelo m'chikwama cha pulasitiki. Ankakhala mbali ino ya tebulo, Malilime mbali inayo, akuwerenga mokweza mzere ndi mzere. Ambiri analidi olondola. Ena anali olakwika koma osapweteka munthu. Anayi okha ndiwo anawaika pambali, ndipo mwa anayiwo imodzi inali ya mayi wotsuka mabasi, amene anachotsedwa zaka zitatu m'mbuyomo. Faelo yake inkati anauzidwa za mankhwala otsukira amene anawononga mipando, ndipo she denied. Kalaliki atawerenga kawiri anakumbukira kuti mayiyo ankanena kuti anakana kuwagwiritsa ntchito chifukwa ankamusupula manja, ndipo amene anatsukira mipandoyo anali wina.

Lolemba lotsatira kalaliki anavala malaya ake othwa aja, anatenga mafaelo anayiwo, n'kukagogoda yekha pachitseko cha manijala. Kalata yofotokoza anailemba yekha. Malilime anangoiwerenga kamodzi, ndipo sanapezemo chokonza.